Kayendedwe ka Mbarek

Lumo linali pakhosi pa Si Assou pamene foni yanga inayamba kunjenjemera pashelefu. Ndinadziwiratu chomwe chafika. Gulu lathu la okonda mafilimu a zam'mlengalenga linali litadikira tsikuli mpaka kutopa, ndipo mauthenga onse ankanena chinthu chimodzi: kakanema kolawitsa filimu ya Onyamula Mthunzi katuluka.

"Ukangodula ndevu imodzi yokha, Yidir, uzindidyetsa mpaka imere," anatero mkuluyo, maso ali chitsinzinire.

"Ndingoona kamphindi, Si Assou."

"Kamphindi kako ndimakadziwa ine. Pukuta kaye thovuli, anthu angayese ndagwa khunyu."

Kumeta anthu ku Warzazati kumafuna munthu wopirira njala. Amuna a kuno ndevu ndiye khasu lawo. Azungu a mafilimu akabwera amafuna nkhope zooneka zamakedzana, ndiye aliyense amaweta ndevu zake mosamala, n'kumabwera kwa ine kuti ndingosalaza m'mbali. Si Assou, monga timatchulira akuluakulu mwaulemu kuno, anali kombarsi, mmodzi wa anthu aja amene amadzaza kumbuyo kwa chithunzi osatulutsa liwu. Anali atafapo kambirimbiri, ndi mkondo, ndi mliri, ndipo tsiku lina anafa mbali zonse ziwiri za nkhondo imodzi asanamwe tiyi wamasana.

Ndinawapukuta thovu, n'kutsamiritsa foni pagalasi, tonse awiri n'kuweramira. Filimuyo inajambulidwa kwathu konkuno, choncho ngakhale iwo, amene mafilimu saonera, anafuna kudzifufuza.

Kanayamba ndi mdima ndi kulira kwa ng'oma. Kenaka mawu a mayi wina m'Chingerezi, ife tikuwerenga zolembedwa m'munsi: "Kuno dzuwa silinalowepo." Chithunzi chinatseguka, ndipo chipululu chathu chomwechi, cha kuseri kwa msewu wa ku Fint, chinaoneka atachifiiritsa kuti chikhale dziko lina. Khamu la anthu ophimba nkhope ndi zitsulo linkayenda litanyamula nsalu zikuluzikulu pamitengo. Pamwamba pawo pankayandama chombo chooneka ngati mphika wovundikira.

"Mwaona?" ndinatero. "Dziko limeneli silizungulira. Mbali imodzi ndi usana wokhawokha, inayo usiku wokhawokha. Onyamula nsaluwa ndi akapolo, akunyamulira olemera mthunzi. Ndinanena ine pagulu, anzanga anandiseka."

"Ine ndinali pomwepo, koma zonsezo sanandiuze. Anangoti nyamula mtengo, yenda, usayang'ane kamera."

Kumapeto chithunzi chinasintha. Mchenga wakuda bii, nyanja yotuwa, zibuma za madzi oundana zili mbwee m'mphepete. Munthu mmodzi wophimba nkhope ankabwera yekhayekha molunjika ife. Asanafike kunagwa mdima, dzina la filimu n'kutuluka, basi kwatha.

"Ameneyo ndiye mwini nkhani," ndinapitiriza. "Anamutuma ku mbali ya usiku, onse akuyesa anafa, koma taonani akubwerera. Ndipo ndikukuuzani, chimene wanyamula m'manjacho..."

"Bwezera."

"Ndikuti chimene wanyamulacho..."

"Bwezera, iwe, usiye ulalikiwo. Yang'ana mwendo."

Ndinabwezera. Munthu uja akaponda ndi mwendo wakumanja ankaponda bwinobwino, koma wakumanzere unkayamba waponyedwa kunja, ngati akupirikitsa nkhuku, kenaka n'kubwerera m'njira, phewa lakumanja litagwera pansi pang'ono. Mwendo umenewo ndinakula ndikuutsatira pambuyo, popita kusukulu, kumsika, kumzikiti.

"Ameneyo ndi mwana wa Rkia," anatero Si Assou chapansipansi, akutchula dzina la amayi anga.

Mbarek, mkulu wanga, anagwa mumtengo wa kanjedza ali wachinyamata, ndipo fupa linalumikizana mwa nzeru zake. Mufilimuyi anagwira ntchito chilimwe chonse, akunyamula nawo nsalu zija padzuwa. Ntchito itatha anabwera pampando wanga womwewu n'kunena kuti, "Chotsa zonse." Kuno mwamuna akameta ndevu zonse safunsidwa mafunso, aliyense amadziwa kuti ulendo wapsa. Anakwera basi ya kumpoto, ndipo anaimba kamodzi ali ku Nador, kunena kuti bwato lowolokera kwa azungu linyamuka mawa. Kuyambira pamenepo kunali zii. Nyengo yozizira inabwera n'kupita, inabweranso ina. Shehe atabwera kudzanena kuti mwina yakwana nthawi yomupempherera monga timachitira ndi omwalira, amayi anawathirira tiyi, anawadikira kuti amwe, n'kuwatsegulira chitseko.

Pagulu lathu la pafoni mkangano unali utabuka kale. Mnzathu wa ku Amman, amene amadziwa zonse kupatula kukhala chete, analemba kuti mchenga wakudawo ndi wa pachilumba china cha kumpoto kwenikweni, ndipo gawo limenelo analijambula nyengo yozizira yangothayi. Ndinawerenga kawiri. Ngati ndi choncho, analijambula Mbarek atachoka kale kuno. Ndinakumbukiranso kuti ananyamuka ndi nambala ya mayi wina wachizungu amene ankalongosola khamu pojambula, yemwe anamuuza kuti akadzafika kwawo adzamufunefune. Zonse zinalumikizana zokha m'mutu mwanga, monga zimachitira ndikamalosera filimu: anawoloka, anamupeza mayiyo, anamupatsa ntchito, ndipo sakuimba chifukwa alibe mapepala, akuopa kugwidwa.

"Si Assou, chonde, amayi asamve kaye. Ndiyambe ndafufuza."

"Pakamwa panga ndi manda, mwanawe."

Koma mandawo anali ndi mkazi. Pofika madzulo, ndisanakhote n'komwe kulowa mumsewu wathu, ndinamva nthungululu.

M'bwalo la nyumba yathu munali amayi a msewu wonse. Amayi anga anakhala pakati pawo atavala mpango wawo wa paukwati wa anthu, nkhope ili gwa. Sanandipatse moni. Anangotambasula dzanja.

"Ndionetse mwana wanga."

"Amayi, sitinatsimikize. Nkhope yake sikuoneka."

"Nkhope ndi ya azakhali ake. Ine ndionetse mwendo."

Ndinawaikira gawo lomaliza lokhalo. Anayandikitsa foni pafupi ndi mphuno, chifukwa maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Munthu uja anayenda pamchenga wakuda, mdima n'kugwa. Anati ndibwezere. Ndinabwezera mpaka chala chinatopa.

"Waonda," anatero pomaliza. "Ndipo kumeneko kukuzizira. Amuveka zokwanira?"

"Zikuoneka zochindikala, amayi."

"Nanga akupita kuti?"

Apa ndiye pamene ndinasowa pothawira. Amayi amene kwa zaka zambiri ankati mafilimu anga ndi matenda a anthu osakwatira, tsopano ankafuna kumva zonse. Ndinawafotokozera za dziko losazungulira, za akapolo a mthunzi, za munthu amene anatumidwa ku mbali ya usiku. Anamvetsera ngati ndikuwerenga nkhani za pawailesi.

"Ndiye pomaliza afika kwawo?"

"Ndi mmene ndikuganizira. Filimu sinatuluke."

"Afika," anatero. Anatembenukira anzawo. "Lachisanu nonse mudye kuno. Ndiphika kusikusi wa nkhosa."

Masiku otsatirawo ndinameta anthu ndi dzanja limodzi, linalo lili pafoni. Kakanemako ndinakang'amba chithunzi ndi chithunzi. Ndinayeza kutalika kwa munthuyo pomufanizira ndi zibuma za madzi oundana, ngati ndinaonapo chibuma chotere m'moyo wanga. Ndinakuza dzanja lake kufuna chipsera cha pachala, koma anali atavala magolovesi. Anzanga a pagulu ankakangana zawo: wina ankati ndi mfumu yobisala, wina ankati ndi makina ovala thupi la munthu, wa ku Amman ankalumbira kuti ndi katswiri wotchuka amene akumubisa dala. Kale ndikanalimbana nawo mpaka batire kutha. Tsopano mawu alionse onena kuti munthuyo ndi wina ankandilasa mumtima, ndipo sindikanawauza chifukwa chake. Ndinatumiza mauthenga paliponse pamene panali dzina la filimuyo. Amene anandiyankha anali makina, kundithokoza chifukwa cha chidwi changa.

Lachinayi masana Si Assou anandikoka kupita kwa Si Tahar, amene amasonkhanitsa makombarsi azungu akabwera. Tinawapeza m'nyumba ya tiyi ya pafupi ndi siteji ya matakisi, pansi pa TV yaikulu yoonetsera mpira. Atationa anaika tambula pansi mosafulumira, ndipo ndinaona kuti sanakondwe.

"Khala pansi, mwana wa Rkia. Ndamva kuti kwanu kuli phwando mawa."

"Amayi aitana msewu wonse."

Anapukuta nkhope ndi chikhatho, n'kutembenukira mnzawo. "Assou, ukukumbukira hema woyera uja anamanga kumbuyo kwa magalimoto?"

"Wa makamera mbali zonse uja? Ndingaiwale bwanji. Anandiimika pakati ngati nkhosa ya pamsika. Tambasula manja, tembenuka, yenda kuchoka apa kufika apo, thamanga, igwa. Ankatiyeza zovala."

"Anakuuza ndani kuti ankayeza zovala?"

"Nanga munthu akakuti tambasula manja amakhala akufuna chiyani? Telala aliyense amatero."

"Telala amene amakuuza kuti uthamange unamuonapo kuti?" Si Tahar anapukusa mutu. "Ankatenga thupi ndi kayendedwe, kuziika m'kompyuta. Inenso ndinazimva mochedwa. Tangoganiza, Yidir. Anthu amene ndinapita nawo kuchipululu kuja ankakwana m'mabasi ochepa. Mukakanema kako muli khamu lofika kumapiri. Enawo anachokera kuti?"

Zimenezi ine ndinkazidziwa. Ndinali nditazifotokozerapo anthu ena pampando wanga, monyada, pokamba za mafilimu ena. Kungoti sabata yonseyo maso anga anali pa munthu mmodzi wa kumapeto, ndipo khamulo ndinkalidumpha.

Mwini nyumba ya tiyi anatilola kulumikiza foni ku TV yake. Ndinaika gawo la khamu lija, n'kulichedwetsa kuti liziyenda pang'onopang'ono. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma maso ena bola osawaona. Pamzere wakutsogolo, wachitatu kuchokera kumanzere anaponya mwendo kunja. Kumbuyo kwake, wonyamula mtengo wapakati anaponyanso. Wina wamtali kuposa Mbarek anachita chimodzimodzi, winanso wonenepa, wina kutali pafupi ndi phiri, wamng'ono ngati nyerere. Paliponse pamene ndinayang'ana panali phewa logwa ndi mwendo wopirikitsa nkhuku.

"Anaukonda mwendo wakewo," anatero Si Tahar. "Mayi wolongosola khamu uja ankati khamu likamayenda mofanana limaoneka labodza, koma uwu unkaoneka wamoyo. Anamuyendetsa muhemamo kuposa wina aliyense. Iye anatuluka akuseka, akuti chilema chake chapeza msika."

"Nanga wa pamchenga wakudayo?" ndinafunsa. "Ameneyo ali yekha. Ali pafupi ndi kamera. Sangakhale munthu weniweni?"

"Angakhale. Angakhalenso wa m'kompyuta. Ine palibe amene ndinamutumiza kumeneko."

"Muimbireni mayiyo, Si Tahar. Chonde. Funso limodzi lokha."

"Ukuyesa sindinayese? Nditangomva za phwando lanu ndinaimba. Nambala inafa. Kampani imene inabwera kuno anaitseka atangomaliza kujambula, ndi mmene amachitira, filimu iliyonse kampani yakeyake. Ine ntchito yanga n'kusonkhanitsa ndevu, mwanawe. Kupitirira pamenepo ndine mlendo ngati iwe."

Si Assou anali ataimirira pafupi ndi TV, manja kumbuyo, akusuzumira m'khamumo.

"Ndiye kuti inenso ndilimo?"

"Mwina uli paliponse."

"Aa." Anakanda ndevu. "Kale ukafa mufilimu unkadzuka, kusasa fumbi, kupita kwanu. Awa ndiye sadzandilola kupuma ngakhale nditagona m'manda." Anafuna kuti tiseke, koma atandiyang'ana anangobwerera pampando.

Ndinatuluka m'menemo manja lende. Ndikanauzidwa kuti wamwalira, ndikanadziwa njira ya kwa shehe. Ndikanauzidwa kuti ali moyo, ndikanathamangira kunyumba. Koma ndinanyamula chinthu chimene sichinali uthenga wamaliro kapena wachimwemwe, ndipo chinalibe pochitula.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza amayi atakhala pansi, mbale yaikulu pakati pa miyendo, akufikisa kusikusi, timibulu ta ufa wa tirigu, ndi mafuta m'zikhatho. Nyama inali kale pamoto. Ndinakhala pambali pawo.

"Amayi, mafilimuwa amanama kwambiri. Zimene timaona si zonse zimene zinachitikadi."

"Ndikudziwa. Assou ndinamuonapo atabayidwa mkondo, madzulo ake ndinakumana naye akugula anyezi."

"Masiku ano amatha kupanga munthu ndi makina."

"Apange nkhope, apange zovala. Mwendo uja ndinausisita ndekha ndi mafuta miyezi yonse imene anagona. Ndipatse mchere uko."

Ndinawapatsa mcherewo. Ndinadziuza kuti zotsalazo ndinena alendo akapita.

Titabwera kuchokera kumzikiti, bwalo linali litadzaza. Chimene sindinayembekezere n'chakuti mwamuna wa Lalla Zhor, woyandikana nafe, anali atanyamula TV yake yaikulu n'kuiika patebulo pansi pa khonde, kuti aliyense amuone Mbarek bwinobwino. Mbale za kusikusi zinaikidwa pakati, nthunzi ili tolo, koma amayi anati palibe adye mwana wawo asanalowe. Anakokera kampando kawo pafupi ndi galasi la TV, pafupi zedi, mawondo kukhudza tebulo.

Ndinalumikiza foni, n'kuthamangitsira kumapeto.

"Iyayi," anatero amayi. "Yambira poyambirira. Anthuwa aone dziko lonse limene akukhala."

"Poyambapo palibe kanthu, amayi, ndi khamu chabe."

"Yidir, ndati yambira poyambirira."

Ndinayang'ana Si Assou, amene anakhala pakhomo. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kuwerenga mikanda yake yopempherera ya tasibihi. Ndinadina.

Ng'oma inalira, mayi wa m'kakanema uja ananena mawu ake a m'Chingerezi, chipululu chinatseguka. Ana anayamba kuloza phiri lathu. Pa TV imeneyo khamu linali lalikulu, munthu aliyense akuoneka payekha. Ndinapemphera kuti nkhungu ya m'maso mwa amayi indithandize tsiku limodzi lokhali.

"Imika."

Ndinaimika. Anadzutsa dzanja pang'onopang'ono n'kuika chala pa wachitatu kuchokera kumanzere.

"Uyu," anatero, akumwetulira. "Analinso pano. Yendetsa pang'ono."

Ndinayendetsa mochedwetsa. Chala chinasunthira kwa wonyamula mtengo wapakati. Kumwetulira kunakhalapobe kanthawi, ngati kwaiwalika pankhope. Chinasunthiranso kwa wamtali uja, kwa wonenepa, kwa wina kumbuyo amene ngakhale ine sindinamuone dzulo lake. Lalla Zhor, amene anali atakonzeka kale kuimba nthungululu, anatsitsa dzanja lake pakamwa.

"Ndi zimene unkafuna kundiuza m'mawa," anatero amayi osandiyang'ana.

"Inde, amayi."

"Anamuchulukitsa."

"Anajambula kayendedwe kake asanachoke. Akhoza kukaika pa aliyense."

"Ndi wa kumchenga wakuda uja?"

"Sindikudziwa, amayi. Palibe amene akudziwa."

Ndinayembekezera kulira, ndipo ndikanakonda akanalira, chifukwa munthu wolira umadziwa pomugwira. Iwo anangokhala, msana uli chilili, akuyang'ana ana awo aamuna akudutsa m'chipululu chofiira, onse ataphimba nkhope, onse akuponya mwendo kunja. Gawolo litatha sanafunse za kumapeto. Anati ndibwezere pakhamu pomwepo n'kuimika.

"Anthu ako a filimuwa uli nayo njira yowayankhulira?"

"Ndimawatumizira mauthenga. Sayankha."

"Uwatumizirenso." Anakonza mpango wawo ndi dzanja limodzi. "Uwauze mwaulemu, usawakalipire. Uwauze kuti mayi wake sakudandaula, agwire nawo ntchito onsewa mpaka amalize. Koma akathana nawo, atibwezereko mmodzi."

Kusikusi anazizira m'mbale, ndipo panalibe amene anatambasula dzanja. Chala cha amayi chinali chikadali pagalasi, chikuchoka pa uyu kupita pa uyo, n'kubwereranso, chikusowa poti chiime.